Mbale Imene Ndinaiiwala Padzuwa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene makolo anandichotsa ku Nathenje kuti ndikakhale ndi amalume ku Mitundu, ndiziphunzira pasukulu yomwe iwo ankaphunzitsa. Amalumewo anapitako ku Mangalande kukawonjezera maphunziro, ndipo anabwerako ndi galamafoni ya mabatire ndi mbale imodzi ya nyimbo, imene ankaikulunga m'nsalu. Chikuto chake anachisiya komweko poti panali chithunzi cha mwamuna wa tsitsi lalitali, ndipo masiku a chipani chimodzi aja tsitsi lotere linali mlandu.

Lamulungu lililonse tikachoka kutchalitchi ankaiika. Gitala ankayamba pang'onopang'ono ngati munthu wotopa akukwera chitunda, kenaka pankabwera mawu osasa a mwamuna. Chingerezi sindinkachimva, koma thupi lonse linkachita tsemwe. Amalume anandiuza kuti woimbayo anali mzungu, ndipo anamuona ndi maso awo m'kachipinda kodzaza utsi wa fodya. Anati nyimbo za mtunduwo woimbayo anaziphunzira kwa anthu akuda a ku Amereka, pomvera mbale zawo usana ndi usiku. Wachinyamata aliyense wobwera ndi gitala ankamupatsa mpata woimba naye, mpaka ena anatchuka kumuposa iye.

Loweruka lina m'nyengo yotentha, amalume atapita kumsika, ndinatulutsa galamafoni pakhonde kuti anzanga amveko. Nyimbo ili mkati, akazi a amalume anakuwa kuchokera kudimba kuti ndipite kuchigayo. Ndinabweza galamafoni mothamanga, mbale n'kuiiwala pampando. Pobwerako ndinaipeza itapindika ngati tsamba la fodya louma.

Ndinawapatsa amalume nditagwada, n'kuwafotokozera zimene zinachitika. Anaitembenuza, n'kuitembenuzanso. Ine ndinali nditadziona kale m'basi yobwerera kwathu, sukulu itathera pomwepo.

"Esinati, ukudziwa kuti ina ngati iyi sindingaipezenso?"

"Ndikudziwa, amalume."

"Unkafuna anzako amve nyimbo iti?"

Dzina lake sindinkalidziwa, choncho ndinangoyamba kuiimba. Gitala ndinamuimba ndi pakamwa, ng'oma ndikuomba pantchafu, mawu achingerezi ndikungowatsanzira momwe khutu linawagwirira. Ndinatsitsa mawu pamene mwini wake ankatsitsa, n'kupuma pamene iye ankapuma. Nditatukula maso ndinaona amalume atatsinzina, phazi likugunda pansi. Nditamaliza anati ndiimbe yachiwiri, kenaka yachitatu, mpaka mbale yonse inatha.

"Woimbayonso anaphunzira chonchi," anatero motsitsa, akupukuta magalasi awo.

Chilango sindinachizembe: ndinathirira dimba ndekha mlungu wathunthu. Koma mlungu wotsatirawo amalume anandikonzera kabanjo ka chitini ndi mawaya a mabuleki a njinga. Anthu ankati mwana wamkazi saimba zotere, iwo n'kumangowayankha kuti abwere adzamve.

Ndakalamba ndikuphunzitsa ana nyimbo, ndipo mpaka lero ndimazizwa kuti munthu amene nkhope yake sindinaionepo anandipatsa ntchito ya moyo wanga wonse ali kutsidya kwa nyanja. Ndimamvetsanso chimene amalume anachita tsiku lija. Anali ndi chifukwa chokwanira chondibweza kwathu, koma anayamba afufuza chomwe chinali mwa mwana wolakwayo. N'chifukwa chake mwana akang'amba ng'oma m'kalasi mwanga, ndisanamudzudzule ndimayamba ndamufunsa kuti ankafuna kuimba nyimbo iti.