Chigamba cha pa Bondo

Ine ndimagulitsa tomato ndi mbatata m'mbali mwa msewu waukulu, pakati pa Sinda ndi Katete, pamene msewu umakhota. Mwana wanga wachiwiri amadutsa pamenepo kawirikawiri pa njinga yake yamoto, ndipo njingayo si ija yonyamula anthu ndi mbuzi ayi. Ndi ija yoti wokwera amachita kugonera pa thanki ngati akupepesa.

Ndinkamudziwa ndisanamuone. Akafika pokhota paja ankapendeketsa njinga, kachitsulo kopondapo phazi n'kukhula phula, kweee, moto kuthetheka. Mtima wanga unkachita kuti phaa. Koma ndinkaonanso kuti kachitsulo kakangolira, iye ankadzuka pang'ono n'kuchepetsa liwiro.

Tsiku lina anabwera kunyumba ndi kabokosi kochokera ku Lusaka. Anakhala pansi pa mtengo wa mango ndi masipanala, n'kuchotsa zopondapo zakale zija. Zatsopano anazimanga kumbuyo ndiponso m'mwamba, pamalo poti munthu wanzeru sangaike phazi.

"Amama, bwerani muone," anatero. "Izi zili ndi mano, nsapato siterereka ngakhale kugwe mvula. Ndikhoza kuzisuntha mmene ndifunira, bondo langa lisamawawe. Magiya akulowa ngati mpeni m'papaya. Ndipo pakona sizikhudzanso pansi."

"Sizikhudza pansi? Nanga adzakuuze ndani kuti wapendeka mokwanira?"

Anaseka mpaka kugwetsa sipanala. Ati ine ndimadandaula ngakhale nkhuku ikamawoloka msewu. Ndinapsa mtima. Ndinamuuza kuti sindinamubereke kuti ndidzamutole pa phula ndi chitenje, ndipo mkazi wake ali ndi pakati, achite manyazi. Anangoti, "Chabwino Amama, ndamva," kumva kwake kuja kwa ana aamuna.

Komatu kuyambira pamenepo anasintha. Akafika pokhota panga ankadutsa ali chilili ngati abusa akupita ku maliro, n'kukweza dzanja kundipatsa moni. Azimayi anzanga a pamsika anati, "Mwamuweta mwana uja." Ine ndinanyada, ndisaname. Ngakhale chakudya chinayamba kutsika bwino, ndipo kulira kwa njinga za eni sikunkandiimitsanso pakati pa malonda.

Patapita miyezi, mpongozi wanga, mkazi wa mwana uja, anabwera Loweruka lina masana atanyamula kathumba. Mimba inali itakula, akuyenda mogwira m'chiuno. Anagwada movutikira, ine n'kumuuza kuti asadzivute, akhale pa mkeka. Anatulutsa buluku la mwamuna wake, lija lolimba lokwerera njinga.

"Amama, makina anu osokera akugwira? Ine singano yandikanika."

Ndinalitambasula. Pa bondo lakumanja panali podyeka, osati pong'ambika ndi msomali kapena waya, koma popalika ngati pamene pakhula mwala wonolera. Lakumanzere chimodzimodzi. M'ulusimo munali timiyala takuda ta phula.

"Anagwa?" ndinafunsa.

"Sanagwe. Akuti bondo limangopsopsona msewu, kumakona a ku mapiri uko akamapita ku Chipata. Akuti ndiye kukwera kwake." Anayang'ana pansi. "Anati ndisakuonetseni."

Mayo ine! Ndiye kuti ulemu wonse uja unali wa pakona panga pokha, pamene pali maso anga. Kumene kulibe amake, mwana wanga ankagoneka njinga mpaka thupi lake kufika pamene chitsulo chinkafika kale. Ndinafuna kuliponya pamoto bulukulo, ndinafuna kupita kwa abusa, ndinafuna kumutuma munthu akabise makiyi m'nkhokwe. Koma ndimamudziwa amene ndinabereka. Ukamuletsa buluku, akwera ndi kabudula.

Mpongozi wanga anali kulira mwakachetechete, dzanja lili pamimba. Ndinalowa m'nyumba, n'kutenga chikwama changa chachikopa, chija ndimapita nacho ku tchalitchi, n'kuchidula ndi lumo. Ndinasoka zigamba ziwiriziwiri pa bondo lililonse, singano inathyoka, ndinaika ina.

Nditamaliza ndinalipinda n'kumupatsa. "Akakufunsani, munene kuti mwasoka ndinu."