Dzina langa pa kamtanda

Aneba apenta geti lelo, ndipo fungo la penti yakuda landibweza kwathu ku Kabwata, masiku aja tinali kuima pamzele wa sopo ndi saladi, mafuta ophikila aja.

Chaka chilichonse mvula ikayandikila, atate anali kubweletsa kamtanda kachitsulo kuchokela kumanda, n'kukapenta kuseli kwa nyumba osalankhula ndi munthu, kenaka n'kukabweza. Chaka chimene ndinadziwa kuwelenga, ndinawaimila kumbuyo n'kutchula zilembo zoyelazo chimodzichimodzi. Linali dzina langa: Misozi.

Ndinati basi, andikonzela manda. Miyala yanga yosewelela chiyato ndinagawila anzanga, chakudya n'kusiya. Tsiku lina amayi anandipeza nditakhala pakhomo, nditavala dilesi la ku Misa pakati pa sabata.

"Iwe, uyenda kuti?"

"Niyembekeza kufa, amama. Batate balemba kale dzina langa pa kamtanda."

Amayi anakhala pansi pomwepo, pafumbi.

"Si iwe. Ni mukulu wako. Anabadwa pa malilo ya ambuya bako, ndiye tinamupatsa Misozi. Chikuku chinamutenga akalibe kuyamba kuyenda. Pamene unabadwa, batate bako banakana kuti dzina liwolele mumanda."

"Nanga langa ni liti?"

Amayi anangondivula dilesi lija n'kulipinda bwinobwino.

Dzinali ndakalamba nalo, ndipo adzukulu anga amalitchula moseka. Koma amayi anamwalila akundiitanabe "iwe". Misozi wawo anali mmodzi, ndipo sindinali ine.