Tsiku limene a Mose analondera magalimoto ku Westlands

Dzina loti a Mose, bambo Reinford Kachingwe sanadzipatse okha. Anawapatsa ndi Amalawi anzawo a mu Nairobi, omwewo amene ankadya m'mbale zawo n'kumanyambita zala.

Kwawo kunali ku Dedza, m'munsi mwa phiri la Chongoni. Sukulu sanapite nayo patali, koma chiwongolero anachigwira ali mnyamata, ndipo mzungu wina wa zankhalango atasamutsidwira ku Kenya anawatenga ngati dalaivala wake. Mzunguyo atabwerera kwawo, iwo anapeza ntchito ku Gigiri, kumaofesi a mabungwe a dziko lonse, kuyendetsa mabwana. Ankakhala ku Kangemi ndi akazi awo, mayi Eneles, m'kanyumba kamalata koti ukayetsemula pabalaza wa kuchipinda amakupepesa.

M'zaka za m'ma 1970 Amalawi anayamba kuchuluka mumzindamo: akatswiri a zachuma, anamwino, ana a sukulu zaukachenjede. Aliyense ankapemphera kwa yekha, m'Chingerezi kapena m'Chiswahili chimene sankachimva bwino. A Reinford anatsegula khomo lawo. Lamulungu masana anthu a matayi ankakwera timabasi totchedwa matatu mpaka ku Kangemi, n'kukhala pa mabenchi amene mwini nyumba anakhoma ndi matabwa a mabokosi a katundu, n'kuimba m'Chichewa mpaka misozi kulengeza.

Pa ulaliki ndiye panali nkhani. Muwapatse mutu wa Zakeyu, mungoona afika kale pa Nyanja Yofiira. Anthu ankatsinana n'kumati, "Tanyamukanso ku Aigupto."

"Sekani," ankatero iwo. "Koma Mose sanali mfumu, sanali wansembe. Anali woweta nkhosa za apongozi ake, wachibwibwi pakamwa. Anapeza akapolo, aliyense akuganiza za mimba yake, ndipo atawapatsa malamulo a Mulungu anasanduka mtundu. Ifenso popanda lamulo ndife anthu ongokumana pasiteji ya matatu."

Malamulo ake anawaikadi. Mlendo wochokera kumudzi azikamchingamira kubwalo la ndege ku Embakasi, ngakhale sakumudziwa. Wodwala asagone m'chipatala osaona nkhope ya kwawo. Ndipo lalikulu, limene ankalinena akugogoda tebulo, linali lakuti Mmalawi asalowe m'dothi lachilendo popanda nyimbo ya kwawo. Onse ankavomera ameni wamphamvu. Kuvomera n'kosavuta munthu ukakhuta tiyi.

Medson anafika mu 1977 kudzaphunzira, ali ndi kasutikesi kamodzi ndi jekete lobwereka. Malo kusukulu anali asanapezeke, choncho anagona pabalaza pa a Reinford mpaka mvula inatha. Mayi Eneles ankamuchapira ngati mwana wobala okha. Atapeza mbeta, mtsikana wa ku Mulanje dzina lake Lorna, makolo ali kutali, amene anaima ngati nkhoswe ndi a Reinford. Medson anali ndi mutu, tisamunamizire. Anamaliza bwino, analembedwa ntchito ku Gigiri komweko, anakwera msanga, ndipo masiku ena a Reinford ankamuyendetsa atakhala kumbuyo. Iwo sankaona vuto. Ankauza madalaivala anzawo kuti, "Uyu ndi mwana wanga."

Chinthu chimodzi chokha ndicho ankachilakalaka. Anthu anali atachuluka moti ena ankaimirira panja, ndipo mvula ikagwa mapemphero ankathera pomwepo. A Reinford ankafuna nyumba yeniyeni yopemphereramo, yoti tsiku lina adzaime kutsogolo n'kuona anthu awo onse atakhala pansi pa denga limodzi. Anayamba kupempha akulu a mpingo wina ku Westlands kuti awabwereke holo yawo yaing'ono. Anawabweza, anabwereranso. Zaka zinapita nsapato zikutha.

Kenaka mu 1983 kunamwalira Vitus.

Vitus anali telala ku Kawangware, munthu wofatsa, wa chifuwa chosatha. Anathawa kumudzi atatchedwa chigawenga, ndipo masiku amenewo mawu amenewo ankanunkha kuposa mtembo. Ankati wongomupatsa moni dzina lake limakafika kwa aboma kumudzi iye asanafike, pasipoti n'kulandidwa, abale n'kuvutika. Kumapemphero sankabwera, poopa kuipitsira anzake.

A Reinford anayenda khomo ndi khomo kulengeza zovutazo. Uyu anali ndi msonkhano, uyu mwana watentha thupi, uyu sanatsegule n'komwe chikhalirecho wailesi ikumveka m'nyumba. Medson anawalandirira pakhonde.

"Bambo, maliro amenewa ndi olemera. Taganizani kaye."

"Maliro n'kulirana, mwana wanga. Wakufa alibe chipani."

"Ife tili ndi ana, bambo."

Ku manda a Lang'ata anapita a Reinford, mayi Eneles ndi Akenya ochepa oyandikana nyumba ndi malemuyo. Nyimbo anaimba awiriwiri, mawu akuthera m'mphepo.

Lamulungu lotsatira anthu anadzaza ngati kale, maso ali gwa. A Reinford anaimirira. Anakamba za Mose akutsika m'phiri n'kupeza anthu ake akuvinira mwanawang'ombe wagolide. "Inunso mwaumba wanu," anatero. "Ali m'matumba mwanumo, dzina lake pasipoti." Anamenya tebulo mpaka kapu yamadzi inagwa. Anthu ophunzira sakangana nawe pamaso, amangokulemba mumtima.

A Reinford ankayesa kuti zapita. Bambo akakalipira ana, mawa lake amadyera nawo limodzi, ndipo iwo anaiwaladi. Mu 1985 akulu a ku Westlands aja anavomera. A Reinford analira ngati mwana. Anapaka okha penti m'holomo, anasamutsa mabenchi pa lole yobwereka, anakolopa ndi mayi Eneles mpaka simenti kuwala. Anamva kuti tsiku lotsegulira kudzabwera abusa ochokera kumudzi komanso bwana wina wamkulu wa boma, ndipo anasangalala. Zoti kwapangidwa komiti, wapampando wake Medson, anangozimva m'mphepo.

Tsikulo anavala suti yawo yakuda, Baibulo kukhwapa, mayi Eneles atatchena chitenje chatsopano. Medson anawadikirira pageti.

"Mwadzuka bwanji, bambo?"

"Tadzuka, mwana wanga. Lero ndi lero."

Medson ankayang'ana nsapato zake. "Bambo, komiti yaona kuti magalimoto lero achuluka. Akuba magalasi a pano Westlands mukuwadziwa. Pakufunika munthu wodziwa magalimoto, wokhulupirika."

"Ulaliki nanga?"

"Taukonza kale. Mlendo wathuyu nkhani ya Vitus anaimva, ndipo dzina lanu lili m'kamwa mwake. Nkhope yanu ndiyo sakuidziwa. Akakuonani kutsogolo, tonse tapsa. N'za lero lokha, bambo."

Mayi Eneles anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi. "Medson, iwe amene ndinkakuchapira makabudula?" Anatembenukira amuna awo. "Abambo, tiyeni kwathu. Ine zonyozeka sindikhalira."

"Pitani, mayi. Ine ndibwera."

Anatsala chifukwa mumtima ankati mwina nyimbo ikayamba wina achita manyazi, atuluka kudzawaitana. Anthu ankafika, kuimika magalimoto, kuwagwedezera mutu mothamanga n'kulowa. Anamwino amene anawachingamira ku Embakasi, anyamata amene anawayendera m'chipatala, Lorna amene anamuimira ukwati, onse ankadziwa. Zinawapweteka kwambiri pozindikira kuti nkhaniyi sinali ya Medson yekha, anthu onsewo anaikambirana n'kugwirizana.

Dzuwa linakwera. Fungo la penti yawo linkatulukira m'mawindo. Anamva nyimbo zimene anaphunzitsa okha, ndipo pakamwa pawo panayamba kutsatira mosafuna. Kenaka anamva mawu a Medson akulalikira za Mose, woweta nkhosa za apongozi ake, wachibwibwi, amene anapeza akapolo n'kuwasandutsa mtundu. Ngakhale za siteji ya matatu anazinena, anthu n'kuseka ngati akuzimva koyamba. A Reinford anatsamira galimoto la mlendo lija. Palibe anatuluka kudzawaitana.

Mapemphero atatha, khamu lonse linaperekeza mlendoyo kugalimoto lake. Anali munthu wonenepa, wa maso ofufuza. Ataona mkulu wa suti yakuda ndi Baibulo kukhwapa, anaima.

"Nanga awa ndani? Ndi athu?"

Medson ndiye anayankha. "Ayi bwana, ndi mlonda wa pano." Ndipo anatembenukira munthu amene anamulera, n'kumulankhula m'Chiswahili, mokweza ngati mmene amalankhulira ndi wantchito: "Asante, mzee."

A Reinford anayang'ana nkhope zonse zija. Ankadziwa kuti akangoti "zikomo" m'Chichewa cha ku Dedza, bodzalo liphulika, ndipo Medson ndi ena onse ayankha mafunso mpaka kumudzi. Anatsala pang'ono kutero. Anaona Lorna atagwira pakamwa, maso akuwapempha.

Anatsegula chitseko chakumbuyo cha galimotolo bwinobwino, monga anachitira moyo wawo wonse, n'kuwerama pang'ono.

"Karibu, bwana," anatero m'Chiswahili, kumulandira mlendoyo kuti alowe.