Madiresi a chinkhoswe abwerera pamalire

"Amake Tadala, kodi ku Dublin ndi kunja?"

Anandifunsa choncho anaBanda Lachiwiri, titakumana pamasitepe ine ndikulimbana ndi ngolo ya mwana. AnaBanda ndi aneba anga kuno ku Rotherham mu UK, mayi wachikulire wa ku Dedza. Chitulukireni mapepala awo okhalira m'dziko muno, amasoka zovala zachitenje m'chipinda mwawo. Pakhomo pawo panali katoni yophwanyika m'makona, yomatidwa timapepala paliponse, a positi ataibweza.

Ndinaseka. "Iii, anaBanda, tonsefe si tili kunja kale?"

Iwo sanaseke.

M'katonimo munali madiresi asanu ndi atatu. Amayi a mpingo wina wa Amalawi ku Dublin anaoda yunifomu yovala pa chinkhoswe cha mwana wa mnzawo. Miyeso anatumiza pafoni, ndalama analipiriratu. AnaBanda anasoka masabata atatu, n'kukasiya katoni ku positi. Ku Glasgow amatumiza, ku Cardiff amatumiza, osamvako vuto. Ndiye Dublin, poti nako amalankhula Chingerezi, ankangoti ndi chimodzimodzi kukweza thumba la mbatata pa basi ya ku Mzuzu.

Lachitatu tinapita limodzi ku positi. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 7, koma kufunsa sindichita nako manyazi. Mayi wa pakauntala ndinamubwerezetsa kawiri mpaka ndinamva. Akuti Dublin ili ku Ireland, ndipo Ireland ili mu EU, pomwe dziko lino linatulukamo. Katundu wogulitsa akadutsa malire amenewo, boma la kumeneko limafuna msonkho wake, VAT ija. Wogulitsa akapanda kukonzeratu, uthenga woti alipire umapita kwa wolandira. Pakapita masiku osalipira, katundu amabwerera komwe wachokera.

Titafika kunyumba anaBanda anaimbira mtsogoleri wa amayi aja, foni ili pa sipika.

"Uthengawo tinauona ndithu, mayi," anatero. "Koma ife tinati poti tinalipira zonse, msonkhowo mukonza ndinu. Kukukumbutsani tinaopa, mungati tikukuyesani akuba."

"Inenso ndinaona kuli chete," anayankha anaBanda. "Ndinati ndikafunsa ngati afika, mungati ndikupempha kuyamikiridwa."

Mwamva? Uku ulemu, uko ulemu, katoni ili phee pamalire. Chinkhoswe chinachitika Loweruka lapitalo, aliyense atavala zake.

Sindikuwaseka anaBanda, ndipo amayi a ku Dublin sindikuwaimba mlandu. Ndi mmene tinakulira. Munthu wa mpingo umodzi sumufunsa kuti "nanga izi alipira ndani?" Timangoti "tidzaona", "musadandaule mayi". Kumudzi zimatheka, chifukwa kondakitala wa basi ndi mlamu wa winawake. Kuno kompyuta ya pamalire ilibe mlamu.

Nanga ndi angati mwa ife akugulitsa zitenje, mawigi ndi mafuta odzola kwa abale a ku Ireland, ku Germany, ku Holland? Ndani anatikhazikapo pansi n'kutiuza kuti dziko lililonse lili ndi msonkho wake? Palibe. Timadziwa tikapsa.

Ndiye inu ogulitsa, musanadule nsalu, funsani kuti katunduyo akupita dziko liti. Ngati akutuluka mu UK, kafunseni ku positi za msonkho ndi fomu yake. Kenako muuzeni kasitomala poyera, ngakhale akhale mayi busa, kuti mtengo wa diresi ndi uwu, msonkho ndi wapadera, alipira ndi uje. Lembani pafoni kuti mawu akhalepo. Si mwano umenewo.

AnaBanda abweza ndalama zonse za amayi aja, ngakhale sanakakamizidwe. Madiresi tawapachika, koma anasokedwa pa miyeso ya eni ake, ndipo yunifomu ya chinkhoswe cha eni angagule ndani? Dzulo tinakhala pansi n'kuwonkhetsa zomwe ataya. Nsalu mapaundi 120, ulusi ndi mazipi 15, positi 35. Zonse pamodzi mapaundi 170, masabata atatu a pamakina, ndi makasitomala asanu ndi atatu.