Nsanja ya ku Nsanama itafika kwathu

Ndinachoka kwathu ku Chiuta m'chaka cha njala, ndili Fomu 3, chimanga chitapserera m'munda chisanamasule. Azakhali anga a ku Balaka anaimba foni kuti amisiri ena akufuna mtsikana wophika ndi kuchapa. Ndinanena ndekha kuti ndipita, ndipo mawu anatuluka aang'ono moti amayi anachita kundifunsanso.

Amisiriwo ankamangira bungwe lina logawa chimanga mawailesi olankhulirana. Malole a bungwelo ankatitimira m'matope kumalo kopanda netiweki, osadziwika komwe ali. Choncho panafunika nsanja zitatu zolumikizana: ku Balaka, paphiri kufupi ndi Liwonde, ndi ku Nsanama. Mkulu wa amisiriwo, a Jafali, ankayala mapu pamkeka n'kujambula mabwalo osonyeza komwe nsanja iliyonse ingafike. Ine ndinkaika tiyi pambali, maso ali pa bwalo lachitatu. M'mphepete mwake munali nyanja yathu.

“Iwe Asiyatu, mapu sadyedwa,” anatero tsiku lina, akundipatsa wailesi ya m'manja. “Tenga ichi. Dina batani, dikira kalire kuti tii, ndiye ulankhule. Makina asankha okha njira yopanda anthu.”

Ndinadina. Mmisiri amene anali paphiri la ku Liwonde anayankha ngati ali kuseri kwa chitseko! Ndinaseka mpaka kugwira pakamwa. Kuchokera tsikulo ndinkatchaja mabatire, kupukuta masola, ndi kumvetsera madalaivala akunyozana pa wailesi. Akaitana mmodzi, gulu lonse limamva, kaya ali pansi pa nsanja iti.

Kusungulumwa kunalipo. Ndinkagona m'khitchini ya azakhali, ndipo zimene ndinkalephera kuuza anthu ndinkalemba m'kope langa lakale la Jogalafe. Malipiro ndinkatumiza kwa amayi pafoni. Yankho linali limodzimodzi: “Tili bwino, gwira ntchito.” Ndinkakhulupirira.

Nsanja ya ku Nsanama inavuta. Mphepo inapotoza mlongoti, anyamata anakweranso, a Jafali akukuwa pansi. Itayaka, panafunika munthu wokayesa kumapeto kwa bwalo lija.

“Kumeneko n'kwanu,” anatero a Jafali. “Kwera njinga yamoto, ukatiitane uli pakhonde pa amayi ako.”

Njira yonse ndinakumbatira wailesiyo m'chitenje, mtima ukuvina. Ndinkaganiza mmene ana adzandizungulire.

Anandizunguliradi, koma mwakachetechete. Mlongo wanga Saidi anali ataonda, tsitsi litafiira. Pamkeka panayanikidwa nyika, mizu ya maluwa a m'nyanja, imene sitidya pokhapokha zinthu zitathina. Ndalama zanga zinkagawidwa makomo anayi a abale.

Ndinadina batani. Tii.

“Balaka, Balaka, ndine Asiyatu, ndili ku Chiuta.”

“Wamveka bwinobwino, mwana iwe!” A Jafali anakuwa, ndipo madalaivala anaimba mahutala m'wailesi momwemo.

Kenaka pa wailesi panalowa mayi Nkhoma, amene ankatumiza malole. “Sabata ino yatsala lole imodzi. Ndikuganiza zoitumiza ku Mposa, koma pali munthu wamkulu pamenepo ndimve?”

Amayi anakonza mpango, nagwada, n'kulandira wailesiyo ndi manja awiri. Ine ndinawadinira.

“Zikomo amayi. Kuno tili bwino, Alhamdulillah, kaya inu kumeneko?”

“Chakudya chilipo?”

“Pang'onopang'ono chilipo. Sitingadandaule.”

Kwathu mlendo sauzidwa za njala. Umamupatsa madzi, umamwetulira, akapita ndiye umalira. Mayi Nkhoma, munthu wa ku Lilongwe, anangoti, “Chabwino, ndiye inu mudikire sabata ziwiri.”

Sindinatsutsepo amayi pamaso pa anthu, ndipo apa anthu ake anali a nsanja zitatu. Ndinayang'ana Saidi. Ndinatenga wailesiyo.

“Pepani mayi Nkhoma. Amayi akulemekeza. Kuno anthu akudya nyika, kamodzi patsiku. Ana asiya sukulu. Chonde bwerani mudzaone.”

Kenaka dalaivala wina anati, “Nsewu wa ku Chiuta ndimaudziwa ine, nditumeni.”

“Lachinayi,” anatero mayi Nkhoma. “Mposa tiikonzera ina.”

Amayi analowa m'nyumba osandiyang'ana. Ndinakhala pakhonde, nkhope ikutentha, ndikudikira kukalipiridwa. Atatuluka anaima pambali panga, maso ali kunyanja.

“Wativula pagulu,” anatero.

“Pepani amayi.”

“Chinthucho chikadali ndi moto?”

“Eya.”

“Dinanso. Uwauze kuti tsidya la dambo kuli abiti Wisiki ndi adzukulu asanu. Lole ikaima pasukulu, iwowo sangathe kuyenda kudzafika.”