Masana aja zithunzi za ku Chiuta zitasochera

Achemwali, lero kuntchito zithunzi zakana kutseguka pa webusaiti, ndipo mtima wanga wangothawira kwa inu. Ndakumbuka masana aja pakhonde ku Balaka, mukukonza webusaiti ya azimayi ogulitsa nsomba zouma a kunyanja ya Chiuta. Pakompyuta zonse zinkaoneka bwinobwino, koma pamafoni a ogula pankangobwera kabokosi kopanda kanthu, moti maoda anasiya kubwera. Munapeza kuti lamulo limene munalemba pa seva, kompyuta yosunga webusaitiyo, loti foni izilandira chithunzi chaching'ono, linkalozera malo olakwika. "Iyayi, zithunzi zilipo," munatero mukumwetulira, "yatayika ndi njira chabe."

Munasintha mzere umodzi, n'kundiuza kuti ndiyesere pafoni ya mayi athu yosweka galasi ija. Pang'onopang'ono anatulukira mabango, kenako madzi, kenako bwato la malemu bambo lili phee. Mayi anayang'ana nthawi yaitali, inu mutatsamira paphewa pawo. Chitisiyireni, ndi mmene mumandibwererabe m'maloto, mpango wanu wobiriwira ukugwedezeka ndi kamphepo. Allah akupatseni Janna, achemwali anga. Mayi akukanabe kusintha foni ija.