Tsiku limene ndinaphwetsa tayala la abambo anga

Ndikukumbukira kuti ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi, chifukwa ndi chaka chimene ndinabwereza Sitandade 4. Koma ndiyambe ndi chimene chandikumbutsa, mwina mungadabwe kuti mzimayi wamkulu ngati ine nkhani ya njinga zamoto ndaitenga kuti.

Lamlungu lapitali titaweruka ku tchalitchi tinakadya ku Landover, kuno kutsidya la nyanja komwe tikukhala, kwa a Tembo, a ku Chipata, omwe timapemphera nawo. Bambowa akayatsa tivi samvanso za munthu. Amaonera mpikisano wa njinga zamoto, zija za ku Ulaya. Ine ndimati ndingoponyako diso ndikudutsa ndi mbale, koma ndinapezeka ndaima. Munthu kupendeka pakona mpaka bondo kukhula pansi, chigongono kukhula pansi, koma osagwa. Chomugwira n'kachigawo ka tayala kosaposa chikhatho changachi.

A Tembo amafotokoza kuti nkhondo yonse ili pa matayala. Pali ofewa ogwira bwino msewu koma otha msanga, pali olimba, pali a mvula, ndipo ukasankha molakwika wadziphera wekha. Kenako analoza wina. "Manje onani uyu, akonkha mnzake kumbuyo dala, afuna chabe kumusokoneza mutu. Ni chilungamo chimenecho, amake Chisomo?"

Ndinati kusokoneza mutu si mlandu, mlandu uli pena. Anandifunsa kuti pati. Ana ankasokosera m'Chingerezi, ndiye ndati ndilembe. Sukulu sindinapite nayo patali, ndilemba mmene ndimayankhulira.

Abambo anga, a Mbewe, anali makaniko pa esiteti ina ya fodya cha ku Kasungu. Shedi yawo inali yamalata, kuseri kwa mabani. Aliyense wa njinga yamoto m'dera lonselo, kaya ndi kapitawo, kaya ndi mlangizi, kaya wa zaumoyo, ankabwera kudzaisiya pamenepo ndi kiyi yomwe, n'kumapita. Ine ndinali woyamba kubadwa, ndiye wopatsira masipanala ndinali ine. Mpaka pano ndikamva fungo la petulo ndi oyilo wakuda ndimamva ngati ndafika kwathu.

Abambo anali ndi kachitidwe kawo. Njinga isanatuluke ankagogoda tayala lililonse ndi sipanala, khutu ali tcheru. Tayala lokhuta mpweya limati nga, nga. Lanjala limati bu, bu. Geji yoyezera mpweya analibe, geji yawo inali khutu.

Chaka chilichonse fodya akatha kupita ku okushoni, cha mu Okutobala, pa esitetipo pankachitika mpikisano. Njinga zinkanyamukira pa bwalo la mpira, kutsata msewu wouma wa thirakitala, kudutsa mumchenga wa mtsinje wouma, kukwera kachitunda ka miyala, n'kubwerera pa bwalo, katatu. Wopambana ankatenga mbuzi. Njinga zinkakhala zisanu ndi ziwiri kapena kuposerapo, koma aliyense ankadziwa kuti mpikisano ndi wa anthu awiri, abambo ndi a Nkhoma.

A Nkhoma anali mlangizi wa zaulimi, munthu wamtali, wa pakamwa. Anali atapambana zaka ziwiri zotsatizana. Chimene chimandizizwitsa mpaka lero n'chakuti njinga yawo ankaikonza ndi abambo omwewo, ndipo sabata yonse ya mpikisano inkagona m'shedi mwathu, pambali pa ya abambo. Munthu kusiya chida chake m'manja mwa yemwe akukalimbana naye, n'kukagona tulo.

Sabata imeneyo a Nkhoma ankabwera tsiku lililonse atavala jasi la mvula. Mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Ankaima pakhomo, kuyang'ana kumwamba, n'kupukusa mutu.

"Mbewe, nyerere zikusamuka kumunda kwanga. Loweruka kuli matope. Ine mundiikire tayala la mano lija, logwira m'matope, inu mukhale ndi lanu losalalalo, ndidzakutumizirani ng'ombe zikakukokeni."

Masewera a abambo anali a chete. Njinga yawo anaifunditsa chiguduli mpaka pansi kuti munthu asaone tayala lomwe aika. Pa msomali ankapachikapo tayala limodzi, lero la mano, mawa losalala, mkuja la mano. A Nkhoma ankati akuyang'ana mitambo, koma diso lili pa msomali. Tsiku lina ananamizira kugwetsa chipewa pafupi ndi chiguduli. Abambo anachitola okha n'kuwapatsa, onse n'kuseka.

Ine sindinkaseka. Ndinkadziwa kuti pansi pa chiguduli pali tayala losalala, lothamanga pa msewu wouma koma lopanda ntchito m'matope. Ndipo Loweruka m'mawa mitambo inabweradi, yakuda, cha ku Zambia. A Nkhoma anadutsa akuzunguza chingwe. "Cha mbuzi yachitatu ichi, Esinati. Uwauze abambo ako."

Abambo anapopa njinga zonse, kugogoda, kenako anapita kukasamba. Anati, "Uyang'anire shedi." Basi, ndinatsala ndekha.

Sindinganame kuti sindinkadziwa chomwe ndikuchita. Ndinatola kamtengo ka machesi, ndinagwada pa tayala lakumbuyo la a Nkhoma, ndinamasula kachivindikiro ka valavu, n'kukanikiza. Mpweya unatuluka wofunda, wonunkha labala. Ndinawerenga mpaka twente. Ndinkafuna lingofewa, lisaoneke kuti laphwa. Nditamva mapazi a anyamata odzakankha njinga ndinadzambatuka, kachivindikiro kaja kali m'dzanja. Ndinakafumbata choncho mpaka ku bwalo.

Ku bwalo kunali anthu ngati kumsika. Njinga zitandanda, abambo anayenda ndi sipanala yawo kugogoda komaliza, monga ankachitira chaka chilichonse. Nga, nga. Nga, nga. Atafika pa ya a Nkhoma, bu. Anagogodanso. Bu. Anawerama, anaona valavu ilibe chivindikiro. Kenako anadzutsa mutu, ndipo m'chigulu chonsecho maso awo anandipeza ine osasakasaka.

Akanatha kungoitanitsa pampu mwakachetechete, n'kunena kuti chubu chikutaya. Palibe akanadziwa. Koma anaimirira n'kuyankhula kuti aliyense amve.

"A Nkhoma, tayala ili ndinapopa ndekha m'mawa uno. Laphwetsedwa m'shedi mwanga. Mlandu ndi wa kwa ine."

Anthu anayamba kung'ung'udza. Kapitawo wina, yemwe njinga yake inali pamzere pomwepo, anati, "Ndiye tikamasiya njinga kumene kuja zimatero eti?" Pamenepo ndi pomwe ndinazindikira chimene ndaphwetsa. Abambo analibe munda waukulu, analibe sukulu. Chomwe anali nacho n'chakuti anthu ankawasiyira makiyi.

Abambo anaitanitsa pampu. A Nkhoma anatambasula dzanja kuletsa.

"Ayi, lisiyeni. Ndikupambanani pa tayala lomweli, kuti anthu akasimbe bwino."

Pano ndimaona kuti amenewo ndiwo anali masewera oopsa kuposa jasi la mvula lija. Abambo akapambana, anthu akanati apambana mwakuba. Akagonja, agonja kwa munthu wa tayala lophwa. Kulikonse kunali kotseka.

Abambo anaganiza pang'ono, kenako anati, "Esinati, bwera kuno."

Ndinapita.

"Tambasula dzanja."

Kachivindikiro kaja kanali katadinda chizindikiro m'chikhatho.

"Unawerenga mpaka zingati?"

"Twente."

"Kabwezere pamalo pake. Ukatero ubwere pa yangayi."

Ndinabwezera. Anandipatsa kamtengo ka machesi kuchokera m'thumba la ovolosi, n'kuloza tayala lawo lakumbuyo. "Mmene unachitira muja. Uziwerenga mokweza."

Pa bwalo ponse pankangomveka mpweya ndi mawu anga, wani, thu, fili. Misozi inkagwera pa rimu. Nditafika twente, abambo anagogoda lawo, anapita kukagogoda la a Nkhoma, anabweranso. "Onjezera pang'ono." Ndinaonjezera. Anagogodanso uku ndi uku. Bu. Bu. Mawu amodzi.

"Tsopano tafanana," anatero, n'kuvala chipewa chawo cholimba chokwerera njinga.

A Nkhoma anangovula jasi la mvula n'kuliponya pansi.

Mvula sinagwe. Mitambo ija inangodutsa. Ndipo chimene ndinaona tsiku limenelo sindinachionenso, ngakhale pa tivi ya a Tembo. Ndinathamangira ku mtsinje ndi ana ena. Njinga zina zikafika mumchenga zinkavina, zinkakumba, okwera n'kumapalasa ndi miyendo. Koma awiri a matayala ofewa aja anadutsa ngati pamphasa. Tayala lofewa limatambalala, silimira mumchenga. Ine sindinkadziwa zimenezo, kaya iwo ankadziwa. Anadutsa phewa ndi phewa, mchenga ukuuluka kumbuyo ngati akuupeta, abambo ataimirira pa zopondera, ovolosi itafufuma ndi mphepo. Nthaka inkanjenjemera m'mapazi mwanga. Sindinkadziwa kuti munthu amene amadya nafe pakhomo angakhale chinthu chotero.

Ulendo woyamba anatsogola ndi abambo. Wachiwiri anadutsa limodzi, osadziwika wakutsogolo. Wachitatu tinabwerera ku bwalo kukadikira. Tinamva kulira kwa njinga imodzi yokha.

Pa kachitunda ka miyala, tayala losalala la abambo lija, poti linali lofewa, rimu inaluma chubu. La mano la a Nkhoma linali lochindikala, linapirira. Abambo anafika pa bwalo akukankha njinga, ena onse atadutsa kale, thukuta lili chuchuchu. A Nkhoma anali atazimitsa injini, atakhala pa njinga, chingwe cha mbuzi asanachigwire. Anadikira mpaka abambo atafika.

Abambo sanandimenye. Ndinkalakalaka akanandimenya. Pobwerera ndinkawathandiza kukankha, ndipo panjira yonse anayankhula kamodzi.

"Munthu umusokoneze mutu mmene ungathere. Mutu ndi wake, adziteteza. Koma chimene wakusiyira m'manja sichingadziteteze."

Lolemba m'shedi simunabwere munthu. Lachiwiri chimodzimodzi. Tinamva kuti kapitawo uja watengera njinga yake ku boma, ndipo sanabwerenso mpaka tinachoka pa esitetipo. Abambo ankangokhala pa chitini akusankha mabawuti omwe anali osankha kale. Amayi ankandipatsa chakudya osandiyang'ana. Ine ndinkakhala pakhomo la shedi, khutu lili kumsewu.

Lachitatu cha m'ma teni ndinamva thu thu thu. Ndinaidziwa isanaoneke.

A Nkhoma anaimika njinga pakati pa shedi, pamalo pake pa nthawi zonse. "Mbewe, mbuzi ija ikukupatsani moni. Ikuti mudzaione isanathe."

"Idye bwino," anatero abambo. "Chaka chamawa mnzakeyo agona kuno."

"Ndi tayala liti?"

"Mudzaona pa msomali."

A Nkhoma anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anazula kiyi. Abambo anatambasula dzanja, koma kiyi inawadutsa, inabwera kwa ine.

"Lakumbuyoli likadali ndi njala. Amene analilanda chakudya ndi yemwe alidyetse. Mbewe, tiyeni tikamwe tiyi ku kantini."

Abambo anazengereza. Anayang'ana ine, anayang'ana njinga. A Nkhoma anali atatuluka kale, manja kumbuyo, akuimba mluzu. Abambo anaika sipanala yawo pa mpando wa njinga n'kuwatsatira. Ndinawayang'ana mpaka anakhota pa mabani. Palibe anacheuka.

Ndinatsala ndekha ndi njinga yomweyo, m'shedi momwemo. Ndinapopa mpaka manja kuwawa, ndikugogoda, ndikupopanso, mpaka linati nga. Kenako ndinapukuta rimu, ndinapukuta sipoko iliyonse, zomwe sanandiuze n'komwe.

Pano ndimagwira ntchito ku Gaithersburg, yosamalira mayi wina wokalamba amene anasiya kuyankhula. Mwana wawo amanditsegulira m'mawa, amanditsanzika, n'kuthamangira sitima ya ku ntchito. Chitseko chikatsekeka timatsala awiri. Nditapanda kuwatembenuza pa nthawi yake, nditawasambitsa mothamanga, sanganene kwa aliyense. Masiku ena ndimakhala nditatopa, msana ukukana, foni ikundiitana. Ndiye ndimaima pang'ono pambali pa bedi, n'kupinda manja a malaya.

Kwa zaka zambiri ndinkati wamkulu pa nkhani ija anali abambo, ndipo sindikubweza mawu. Koma pano ndikuona kuti chimene anachita a Nkhoma chinali chovutanso, kupereka kiyi kwa wakuba wodziwika n'kutembenuza msana. Nthawi zina ndimaganiza kuti mwina amenewonso anali masewera awo a mutu, poti munthuyo sankachita kanthu popanda chiwembu. Ngati ndi choncho, anandipambana. Zaka zoposa makumi atatu zadutsa, iwo anamwalira kalekale, koma munthu akandisiyira kiyi n'kutuluka osacheuka, manja angawa amakana okha kuchita zachinyengo.